Funsani Amakaniko: Kyalami, bwalo lomwe linadulidwa pakati

Mwezi uno ndasiya kaye mafunso a mabuleki olira ndi mabatire ofa m'mawa. Makalata asanu andifika ofunsa za mpikisano wa magalimoto, ndipo onse akukhudza malo amodzi, Kyalami, ku Joni. Ndinagwira ntchito zaka 12 pa galaja ina ku Midrand, kufupi kwambiri moti Loweruka la mpikisano phokoso la mainjini linkatipeza tili chigonere pansi pa galimoto, sipanala ili m'manja. Ndiye ndawasonkhanitsa pamodzi.

Amakaniko, ndimakhala ku Tembisa ndipo popita kuntchito ndimadutsa Allandale Road, pomwe pali zikwangwani zoloza ku Kyalami. Chaka chatha abwana anga ananditenga kukaona chionetsero cha magalimoto kumeneko. Nditabwerako ndinaonera pa YouTube mpikisano wa Formula One wa 1985, koma msewu wake sukufanana ndi umene ndinauona ine. Kodi Kyalami alipo awiri? Ndine mnyamata wa ku Ntcheu.

Maso anu sanakunamizeni, achimwene. Dzina ndi limodzi, chitunda ndi chomwecho, koma msewu umene munauona pa foni ndi umene munapondapo akugawana kachigawo kamodzi kokha. Kwinako n'kosiyana.

Tiyambe ndi dzina. Linachokera ku mawu a Chizulu oti khaya lami, kutanthauza kwathu kapena nyumba yanga. Anzathu akumpoto akamati akupita kukaya, muzu wa mawuwo ndi womwewo. Bwaloli linatsegulidwa mu 1961 pamalo omwe nthawi imeneyo anali tchire ndi mafamu, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Lisanamangidwe, mipikisano ya m'derali inkachitikira pa bwalo la Grand Central, chapafupi pomwepo. Formula One, mpikisano waukulu wa magalimoto padziko lonse, inafika ku Kyalami mu 1967, kuchokera ku East London komwe inkachitikira kale.

Msewu woyambawo unali wa makilomita 4.1, ndipo magalimoto ankazungulira motsata mivi ya wotchi. Ndikuyendetseni. Mukuchoka pamwamba pa chitunda, pa kona ya Leeukop, dzina la Chiafrikaans lotanthauza mutu wa mkango. Kutsogolo kwanu kuli msewu wautali wowongoka, wopindika pang'ono pamalo otchedwa The Kink, pomwe dalaivala wolimba mtima sankachotsa phazi pa mafuta. Mukudutsa magalaja a matimu, msewu ukukwera kalinunda kenako n'kutsetsereka, ndipo pansi pa mtsetsewo pali Crowthorne, kona yokhotera kumanja. Apa ndi pomwe ankapitirirana, chifukwa aliyense ankafika pa liwiro lake lonse n'kumadikira kuti mnzake ayambe ndiye kuponda buleki. Mukatuluka mukutsikabe, kudzera pa Barbecue, mpaka pa Jukskei Sweep. Jukskei ndi mtsinje womwe uja umadutsa ku Alexandra, ndipo mawuwo amatanthauza chikhomo cha pa goli la ng'ombe. Kenako Sunset, kona yaliwiro yokhotera kumanja, yomwe pa mpikisano wa maola 9 dzuwa likamalowa limalasa dalaivala m'maso penipeni. Ikubwera Clubhouse kumanzere, kenako Esses, pomwe msewu umagwera m'chigwa chakumanzere n'kudzuka chakumanja, ndipo mukukwera chitunda kubwerera ku Leeukop.

Makona ake anali ochepa, ambiri aliwiro. Mu 1985, pa mpikisano womwe munaonerawo, Nigel Mansell pa galimoto ya timu ya Williams anazungulira bwalo lonse m'mphindi imodzi ndi masekondi 2 polimbirana malo oyambira. Ndiye kuti ankayenda makilomita oposa 230 pa ola kuphatikiza makona onse. Pa liwiro limenelo, ulendo wa Blantyre kukafika ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ukanatha mu ola limodzi ndi mphindi 20.

Formula One itachoka, ndalama zinavuta, ndipo mzinda unali utayandikira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 theka la malowo linagulitsidwa. Pomwe panali msewu wowongoka uja, magalaja akale, Crowthorne ndi Barbecue, lero pali maofesi ndi nyumba zosungiramo katundu za Kyalami Business Park. Ndapitako kangapo kukasiya magalimoto a makasitomala, ndipo palibe chimene chingakuuzeni kuti katswiri wa Formula One Jim Clark ankadutsa pamenepo.

Chinatsala ndi kachigawo kochokera cha ku Jukskei, kudzera Sunset, Clubhouse ndi Esses. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Bwalo latsopano amalizungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, komabe m'kachigawo kakaleko magalimoto amalowera komwe ankalowera kale. Zitheka bwanji? Taganizani za njira yodutsa m'malire a minda iwiri. Munthu wozungulira munda wakumanja ndi munthu wozungulira munda wakumanzere angathe kuyenda limodzi m'njira ya m'malireyo, koma akafika kumapeto wina akhotera uku, wina uko. Bwalo lakale linali kudzanja lamanja la kachigawoko, latsopano analimanga kudzanja lamanzere. N'chifukwa chake pamwamba pa chitunda, pomwe Mansell ankakhotera kumanja, lero amakhotera kumanzere n'kugwera mu mtsetse wotchedwa Mineshaft. Dzinalo ndi la dzenje lolowera mumgodi, ndipo aliyense amene agogo ake anapita pa theba adziwa chifukwa chake analisankha: msewu umangozimirira pansi pa galimoto.

Bwalo limene munaona inu ndi la pambuyo pa 2014. M'chaka chimenecho, mwezi wa July, Kyalami anamugulitsa pa okushoni, ndipo ambirife tinkaopa kuti agula ndi omanga nyumba. Anagula ndi Toby Venter, mkulu wa Porsche ku South Africa, pa marandi 205 miliyoni. Anathira phula latsopano, anakulitsa msewu, anatalikitsa mbali yowongoka, ndipo tsopano ndi makilomita 4.5 okhala ndi makona 16. Mayina akale anawabwezeretsa, ndiye mudzamva za Crowthorne, Barbeque ndi The Kink, koma makona amenewo sali pamalo pomwe panali akale aja. Kumapeto kuli mayina atsopano, Crocodiles, Cheetah ndi Ingwe, yemwe kwathu timati kambuku.

Ine ndimakhulupirira kuti msewu wakale unali wokoma kuposa wa lero, ndipo kugulitsa mtsetse wa ku Crowthorne kunali kutaya chuma. Koma chimene chimapanga Kyalami ndi chitunda chija, ndipo chitunda sanachigulitse. Mukadzapitanso musakhale pafupi ndi magalaja pomwe aliyense amathamangira. Yendani wapansi mpaka pa Esses, muimirire pomwe mungaone galimoto ikugwa m'chigwa n'kudzukanso. Pa TV malo amenewo amaoneka osalala. Miyendo yanu ndi imene idzakuuzeni zoona.

Mwana wanga amakonda kuonera mipikisano ndipo akuti ku Kyalami magalimoto amachepa mphamvu chifukwa malowo ndi okwera. Ine ndili ndi kapikapu ka petulo kamene ndimatengera mbatata ku Salima. Kunyanja kamathamanga bwino, koma kwathu kuno kamachita ulesi. Kodi chifukwa chake n'chimodzi? Ndine mayi wa ku Dedza.

N'chimodzi, mayi, ndipo mwana wanuyo mumulimbikitse. Kyalami ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Tauni ya Dedza ili chapamwamba pang'ono kuposa pamenepo, pomwe Salima ali m'munsi, cha m'ma 500.

Injini imadya zinthu ziwiri, mafuta ndi mpweya. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya wodzaza silinda, ndipo mphamvu imene ituluke imadalira kuchuluka kwa mpweya umene walowawo. Kumtunda mpweya ndi wopepuka. Silinda imadzaza ndithu, koma zili ngati thumba lodzaza ndi gaga poyerekeza ndi thumba lodzaza ndi chimanga. Pa mamita 1,500, injini yopanda tebo imataya mphamvu pafupifupi 15 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi ikakhala ku Durban kapena ku Beira. N'chifukwa chakenso ku Gauteng, chigawo chomwe kuli Joni, amagulitsa petulo wa 93 pomwe kugombe amathira wa 95: mpweya ukapepuka, injini sigogoda msanga.

Tebo ndi imene inasintha nkhaniyi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kafani, kafaniko kamazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya m'masilinda mokakamiza. Mpweya ukhale wopepuka, tebo imangoupanikiza mpaka ukwane. Renault ndi imene inabweretsa tebo mu Formula One mu 1977, ndipo poyamba anthu ankaiseka chifukwa inkangophulika n'kufuka utsi. Koma ikafika ku Kyalami, matimu enawo ankasowa mtendere. Taonani madalaivala a Renault: mu 1979 Jean-Pierre Jabouille anatenga malo oyamba poyambira, mu 1980 René Arnoux anapambana, ndipo mu 1982 Alain Prost anapambana ngakhale tayala linamuphulikira pakati pa mpikisano n'kubwerera m'mbuyo kwambiri.

Pali zinanso zimene mpweya wopepuka umachita. Galimoto ya mpikisano imaboola mphepo mosavuta, ndiye pamsewu wowongoka imathamanga, koma mapiko amene amaiikira kutsogolo ndi kumbuyo saikanikizira pansi mokwanira, ndiye pa kona imaterera. Rediyeta ndi mabuleki sizizizira msanga.

Za kapikapu kanu, musalole munthu akauze kuti injini yatha chifukwa cha zimenezi zokha. Onetsetsani kuti sefa ya mpweya ndi yoyera, chifukwa fumbi la m'minda limaitseka msanga ndipo kumtunda injini ilibe mpweya wotaya. Ndipo potsika Khwekhwerere ndi matumba a mbatata, tsikani ndi giya yotsika, injini igwire galimoto. Mabuleki okha pa mtsetse umene uja amapsa.

Agogo anga anabadwira ku Nkhotakota koma anakalambira ku Bulawayo. Ankakonda kunena kuti munthu wa ku Bulawayo anatsala pang'ono kugonjetsa akatswiri onse a dziko lapansi ku Joni ndi galimoto yakale. Tinkaona ngati nthano. Zinachitikadi? Ndine mdzukulu wawo, ku Makokoba.

Zinachitikadi, ndipo pa nkhani zonse za Kyalami iyi ndi imene ndimaikonda. Munthuyo ndi John Love, wobadwira ku Bulawayo mu 1924. Tsiku lake ndi 2 January 1967, mpikisano woyamba wa Formula One pa bwaloli.

Love anali ndi zaka 42. Sanali m'timu ya fakitale iliyonse. Galimoto yake inali Cooper yogula kwa ena, ya injini ya Climax ya masilinda 4 ndi malita 2.7, pomwe matimu akuluakulu anali ndi mainjini atsopano a malita 3, ena a masilinda 12, ena mpaka 16. Thanki yake inali yaing'ono, yosakwanira maulendo 80 ozungulira bwalo, ndiye anachita kuwonjezera ina. Pamzere woyambira panali Jack Brabham, Jim Clark, Graham Hill, John Surtees, Jackie Stewart ndi Denny Hulme.

Kunatentha tsiku limenelo, ndipo magalimoto a akatswiri anayamba kufa imodzi imodzi. Love ankaudziwa msewuwo ngati njira ya kumunda kwake. Hulme, yemwe ankatsogola, atapatuka ndi vuto la mabuleki, munthu wa ku Bulawayo uja anapezeka ali patsogolo pa onse, ndipo khamu linaimirira. Kutatsala maulendo ochepa kuti amalize, injini inayamba kudukiza chifukwa mafuta sankafika bwino. Anapatukira kugalaja kukathira, ndipo Pedro Rodríguez wa ku Mexico anadutsa n'kupambana. Love anamaliza wachiwiri.

Monga makaniko, nkhaniyi imandipweteka pamalo amodzi. Injini anaikonza bwino, matayala anasankha bwino, dalaivala sanalakwitse kanthu. Chinamulanda chikho ndi njira ya mafuta pakati pa thanki ndi injini, zinthu zazing'ono zimene ndimaziona anyamata akuzimanga mothamanga pa galaja.

Agogo anu akanatha kuwonjezera zina. Love anakhala katswiri wa South Africa zaka 6 zotsatizana, kuyambira 1964 mpaka 1969. Mu 1961 iye ndi Dawie Gous ndi amene anapambana mpikisano woyamba wa maola 9 ku Kyalami, pa Porsche. Ndipo pa 1 January 1968, iye ndi mnzake Sam Tingle anabwera ndi magalimoto opakidwa mitundu ya fodya wa Gunston, matimu a ku Ulaya asanayambe kupaka magalimoto awo mitundu ya makampani owalipira. Tsiku lomwelo Jim Clark anapambana kachi 25, kuposa Juan Manuel Fangio yemwe anali ndi 24. Sanapambanenso mu Formula One, chifukwa mu April chaka chomwecho anafera pa ngozi ku Hockenheim, ku Germany.

Ndimagwira ntchito yaulonda ku Cape Town ndipo ndinapitako ku bwalo la Killarney. Ndinaona anthu ovala maovolosi a olenji ataima m'mbali mwa msewu ndi mbendera. Ntchito yawo ndi yotani, ndipo ndingailowe?

Amenewo ndi mamashalo, ndipo popanda iwo palibe mpikisano ungayambe. Ambiri ndi odzipereka, salandira malipiro oti n'kudyetsa banja, ndiye musasiye ulonda. Koma makalabu a mipikisano amalandira anthu atsopano n'kuwaphunzitsa, ndipo palibe malo ena oonera bwino kuposa pamenepo. Mbendera yachikasu imauza dalaivala kuti kutsogolo kuli ngozi, achepetse liwiro ndipo asapitirire mnzake. Yofiira imaimitsa mpikisano. Yabuluu imati kumbuyo kwako kuli wothamanga kuposa iwe. Ya mizere yofiira ndi yachikasu imati pamsewu pali oyilo kapena china choterera.

Chimene adzayambe kukuphunzitsani ndi chakuti simudumpha msewu popanda chilolezo, ndipo lamulo limeneli lili ndi magazi a ku Kyalami. Pa 5 March 1977, galimoto ya Renzo Zorzi inaima m'mbali mwa msewu wowongoka uja, kuseri kwa kalinunda, ikuyaka pang'ono kumbuyo. Mamashalo awiri anathamanga kuchokera tsidya la magalaja kuti akazimitse. Wachiwiri anali mnyamata wa zaka 19, Frederik Jansen van Vuuren, atanyamula chozimitsira moto cha makilogalamu 18. Madalaivala obwera kuchokera ku The Kink sankatha kuona kuseri kwa kalinundako. Hans-Joachim Stuck anawaona mochedwa n'kuwazinda. Tom Pryce wa ku Wales, yemwe anali kumbuyo kwake penipeni pa liwiro la makilomita pafupifupi 270 pa ola, sanaone kanthu. Mnyamatayo anafera pomwepo, chozimitsira moto chija chinamenya Pryce m'mutu, nayenso anafera pomwepo, ndipo galimoto yake inapitirira yokha kutsika mtsetse mpaka inakagunda ya Jacques Laffite pa Crowthorne. Moto umene ankathamangirawo unali waung'ono, ndipo Zorzi anali atatuluka kale.

Mnyamata uja sindimuweruza. Anaona moto, anathamanga kukathandiza, monga aliyense woleredwa bwino. Ndimamukumbukira ndikaona minibasi yafera kuseri kwa chitunda pa M1, kondakitala ataika tinthambi tiwiri masitepe asanu okha kuchokera pa bampala, anthu ali balalabalala pa phula. Thirayango iikidwe patali, pomwe wobwera angaione asanafike pamwamba pa chitunda, ndipo okwera atsikire kutchire.

Formula One imapita ku makontinenti onse kupatula kwathu kuno. Inachokeranji ku Kyalami, ndipo idzabweranso? Ndine wophunzira, ku Zomba.

Inachoka kawiri, pa zifukwa ziwiri. Koyamba inachotsedwa ndi tsankho. Zaka zonse zija mayiko ankakana kusewera mpira ndi masewera ena ndi South Africa, Formula One inkapitabe, ndipo kunena zoona unali mpikisano wa azungu, oonera ake ambiri azungu. Bambo anga anagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Joni m'zaka zomwezo, ndipo dzina la Kyalami analimva koyamba kwa ine. Madalaivala ananyanyalapo ntchito kumeneko mu January 1982, motsogozedwa ndi Niki Lauda ndi Didier Pironi, n'kukadzitsekera m'chipinda chimodzi ku Sunnyside Park Hotel usiku wonse, koma nkhani yake inali ya malaisensi awo, osati ya anthu akuda. Pofika 1985 dziko linali pa moto, matimu a ku France a Renault ndi Ligier anakana kubwera, ndipo chaka chotsatira mpikisanowo unachotsedwa. Nelson Mandela atatuluka m'ndende unabwerera, mu 1992 anapambana Mansell, mu 1993 Prost. Kenako ndalama zinavuta, ndipo kuyambira pamenepo Formula One sinapondenso mu Africa.

Kuti ibwerere pakufunika zinthu ziwiri. Bungwe la FIA, loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, limaika mabwalo m'magiredi, ndipo Formula One imafuna giredi 1 pomwe Kyalami atakonzedwa anapatsidwa giredi 2. Kusiyana kwake kwagona pa malo opulumukirapo galimoto ikaphonya kona, ndi mipanda yotchinga. Imeneyo ndi ntchito ya makontirakitala, ndipo ingatheke. Chovuta ndi chachiwiri: eni Formula One amalipiritsa madola mamiliyoni makumi angapo chaka chilichonse, ndipo amafuna wina asaine kuti adzalipira kwa zaka zingapo. Mu 2022 zokambirana zinafika patali koma zinagwa, ndipo malowo anatsalira bwalo la Spa ku Belgium. Katswiri wa Formula One Lewis Hamilton wakhala akunena poyera kuti akufuna kudzathamanga mu Africa. Rwanda nayo ikufuna, ndipo Paul Kagame analengeza zimenezi ku Kigali mu December 2024, koma kumeneko bwalo ayenera kuchita kumanga kuchokera pa dothi.

Ine mtima wanga uli pa Kyalami, ndipo ndikufuna mwana wa ku Tembisa kapena ku Diepsloot adzathe kugula tikiti, osati kumangomvera phokoso kunja kwa mpanda monga tinkachitira ife pa galaja. Koma musadikire Formula One kuti mukaone bwaloli. Ine tsiku langa labwino kwambiri kumeneko linali mu November 2019, pomwe mpikisano wa maola 9 unabwerera patapita zaka zambiri. Ndinapita ndi anzanga awiri a pa galaja, wina wa ku Mulanje, wina wa ku Chipata. Kutada kunagwa chimvula cha ziphaliwali cha ku Joni chija, madzi akuyenda pamsewu ngati mtsinje, ndipo magalimoto anayenda pang'onopang'ono pamzere kwa nthawi yaitali. Anthu ambiri anathawira m'magalimoto awo. Ife tinafunda pepala limodzi la pulasitiki pamwamba pa chitunda, tikuona nyali zikutsika Mineshaft imodzi imodzi m'madzimo. Atawamasula kutatsala mphindi zochepa, inapambana inali Porsche, monga ya John Love mu 1961.